Makina anga osefera madzi: nkhani ya Wi-Fi ndaiganizira mokwanira

Ntchito yolumikiza makina osefera madzi pansi pa sinki tsopano yafika pabwino. Madzi a pampopi akuyamba alowa mu sefa ya ma micron 5 (muyeso wa kuchepa kwa timabowo take) yogwira matope ndi dzimbiri, kenako mu sefa ya makala imene imachotsa fungo la klorini, n'kumalizira pa babu la UV lopha tizilombo ndi kuwala. Chimene chakhala chikundisowetsa mtendere masabata apitawa n'chakuti kodi ndiwonjezere ndalama n'kugula makina amakono olumikizana ndi foni kudzera pa Wi-Fi, kapena ndipitirize kukonza angawa pang'onopang'ono.

Ogulitsa amakonda kuonetsa nambala ya TDS (kuchuluka kwa zosungunuka m'madzi) imene imatuluka pafoni, ndipo ine ndi imeneyi imandidetsa nkhawa. Kachipangizo koyezera kali ndi tizitsulo tiwiri, kamaona mmene magetsi akudutsira m'madzi n'kupereka nambala ya mchere ndi zina zosungunuka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati madzi a TDS yosapitirira mamiligalamu 600 pa lita amakoma bwino, ndipo ikadutsa 1,000 amayamba kuvuta kumwa. Imeneyi ndi nkhani ya kakomedwe basi. Tizilombo ta kolera kapena tayifodi kachipangizoka sikationa n'komwe. Ife amene tinaona mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu opitirira 1,700 m'Malawi muno, sitiyenera kudalira nambala yotere pomwetsa ana madzi. Ndi fluoride, mchere wina wopezeka m'madzi, n'chimodzimodzi. Malire ake ndi mamiligalamu 1.5 pa lita, kachinthu kochepa kobisika mkati mwa nambala ya mazanamazana, pamene ku Nathenje mano a anthu ambiri anathimbirira chifukwa cha iyeyo.

Pa makina angawa nambalayo sikanasintha n'komwe, chifukwa makala ndi UV sizichotsa mchere. TDS imakhala ndi ntchito pamene pali membrane ya RO, sefa yopyapyala imene imachotsa ngakhale mchere wosungunuka. Muyeza madzi olowa ndi otuluka, ndipo membrane yamoyo imachotsa zosungunuka zopitirira 90 pa 100 zilizonse. Koma ngakhale pamenepo, kachipangizo ka m'manja kooneka ngati cholembera kamagwira ntchito yomweyo pa mtengo wochepa. RO ine sindinaikepo dala. Ndi yofunika kwa amene amatunga pa mijigo ya madzi amchere ngati ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje, koma a pampopi pathu sali choncho, ndipo makina wamba a RO amataya malita atatu kapena kuposa kuti apereke lita imodzi yakumwa. Bilu ya madzi ingandilize.

Chikumbutso chosinthira sefa cha makina amakonowa chili mitundu iwiri, ndipo musanagule mufunse kuti mukugula uti. Wina umangowerenga masiku, wina umawerenga malita amene adutsa. Wowerenga masiku sudziwa kuti kunja kuli dzinja ndipo madzi akubwera ofiira, kapena kuti pakhomo pafika alendo. Ine ndaika sefa yoyamba mu botolo loonekera mkati, ndi geji ya mphamvu ya madzi mbali zonse ziwiri. Sefa ikatsekeka, singano ya mbali yotulukira madzi imatsika, ndipo mtundu wake umaoneka ndi maso. China choti muchenjere nacho, makina ena ali ndi kachipu kamene kamakana sefa ya kampani ina. Kuno kumene katundu wakunja amatha kusowa m'mashopu miyezi ingapo, zimenezo zingakusiyeni ndi makina ongokhala.

Pali zinthu ziwiri zimene ndatsimikiza kuti ndi zoyenera ndalama. Choyamba ndi sensa ya UV yolumikizidwa ku valavu. Babuli limapha tizilombo ndi kuwala kwa ma nanometer 254 kumene maso sakuona, ndipo likagwira ntchito maola pafupifupi 9,000, chimene ndi chaka chimodzi, mphamvu yake imakhala yatsika ngakhale likuyakabe. Sensa imayeza kuwala kwenikweniko, ndipo kukachepa kapena magetsi akazima, valavu imatseka madzi yokha. Apa makina akuchitapo kanthu osadikira kuti munthu aone uthenga. Chachiwiri ndi chotsekera madzi akamadontha. Chilipo chotchipa chosalira magetsi: muli kapilitsi kamene kakanyowa kamafufuma n'kukankha chotsekera.

Wi-Fi yeniyeniyo ndaisiya. Magetsi akazima rauta nayo imazima, ndiye uthenga sufika pa nthawi imene ukufunika kwambiri. Amene ali ndi nyumba ya alendo kapena amayang'anira makina a makolo awo ali kutali, mwina kwa iwo ingathandize.

Chotsatira pa ntchitoyi ndi kuika valavu ija, kenako kutenga madzi otuluka kupita nawo ku labotale kuti akayeze fluoride ndi E. coli, tizilombo toonetsa kuti madzi aipitsidwa ndi chimbudzi. Zotsatira zake ndizo zidzandiuze ngati RO ikufunika pakhomo pano.