Usiku umene ndinasamba m'manja koyamba ku fiyeta

Ndinali nditatha miyezi itatu ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, pa chipatala china kuno ku Kasungu ndisanaimepo pambali pa tebulo la opaleshoni. Ntchito yanga inali ya runner, namwino uja woyendayenda kunja kwa nsalu zobiriwira: kutsegula mapaketi, kumanga zingwe za gawuni kumsana kwa anzake, kuthira madzi, kulemba pa bolodi. Ndiye usiku wina mu Febuluwale, mvula ikukhuthuka, ambulansi inabwera ndi mayi wa zaka 19 kuchokera ku chipatala chaching'ono cha kumudzi. Matenda anali atamuyamba dzulo lake m'mawa, koma mutu wa mwana sunkatsika. Adokotala atamuyeza anati palibe kuchitira mwina, apite ku siza. Asisita anandiyang'ana n'kunena kuti, "Anesi, lero musamba ndinu. Ine ndikhala runner wanu." Apa ankatanthauza kuti ine ndikhala scrub nurse, namwino wosamba m'manja n'kumapatsira adokotala zitsulo pa tebulo.

Ndikulemba izi chifukwa cha anzanga amene akubwera kumene ku fiyeta, kuti adziwe mmene zimayendera kuyambira pakhomo mpaka wodwala atuluke.

Opaleshoni imayambira ku wodi, mpeni usanatuluke n'komwe m'paketi. Ndinapita kukamutenga mayi uja ndekha. Ndinamufunsa dzina lake kuti alitchule yekha, osati ine kumutchulira iye n'kungovomera, chifukwa munthu amene ali pa ululu amavomera chilichonse. Ndinayang'ana fomu yovomereza opaleshoni: anali atadinda chala iye mwini, atamufotokozera. Izi muzionetsetsa. Kwathu kuno zimachitika kuti gadiyani amati tidikire amuna ake kapena amalume ake, koma thupi ndi la mayiyo, ndipo mwana m'mimbamo sadikira munthu amene ali ku munda wa fodya foni itazima.

Kenako mafunso aja amene amaoneka aang'ono. Mwadya liti komaliza? Pa opaleshoni yokonzekera timafuna maola 6 opanda chakudya ndi maola 2 opanda madzi, koma ya mwadzidzidzi sitidikira, timangofuna wogonetsa adziwe zimene zili m'mimba, poopa kuti wodwala angasanze n'kukokera masanziwo m'mapapo. Pali mankhwala amene amakuwengani? Mwamwako mankhwala achikuda? Funso ili ndimalifunsa motsitsa mawu, popanda kukalipa. Agogo ake, amene anali gadiyani, anayang'ana pansi kaye, kenako anati, "Mwana wanga, tinam'mwetsako mwanamphepo pang'ono." Ndinawathokoza ponena zoona. Mankhwala amenewa amalimbitsa matenda mopitirira muyeso mpaka chiberekero chingaphulike, ndipo adokotala akadziwa amalowa ali tcheru. Ndikanawakalipira, mawa lake gadiyani aliyense pa wodi ija akanamva kuti zimenezi sanena.

M'chiuno munali mikanda. Ndinapempha agogo aja kuti aivule okha ndi kuisunga. Dilipi inali ikuyenda bwino, paipi ya mkodzo inali italowa, ndipo mkodzo wake unali wofiirira, chizindikiro choti mutu wa mwana wapanikiza chikhodzodzo nthawi yaitali. Magazi anali atapita ku labu kuti aone kuchuluka kwake ndi gulu lake.

Ku fiyeta, asanabaye jakisoni wa pamsana, asisita anatenga pepala la checklist, mndandanda wa zoyenera kuonetsetsa pa opaleshoni iliyonse. Limeneli linachokera ku World Health Organization m'chaka cha 2008, lili ndi mfundo 19, ndipo limaimitsa gulu lonse katatu: wodwala asanagonetsedwe, khungu lisanadulidwe, ndiponso wodwala asanatuluke m'chipindamo. Asisita ankakonda kutikumbutsa kuti chimodzi mwa zipatala 8 zimene analiyeserako chinali cha ku Ifakara, ku Tanzania konkuno, ndipo zotsatira za zipatala zonsezo zimene zinatuluka mu 2009 zinaonetsa imfa zitatsika kuchoka pa 1.5 kufika pa 0.8 peresenti. "Musamati ndi za azungu," ankatero, "Ifakara ndi kumudzi ngati kuno." Wogonetsa anavomera kuti ka pulse oximeter, kachipangizo koyezera oxygen m'magazi ndi kugunda kwa mtima, kali pa chala ndipo kakulira, oxygen alipo, makina okoka madzi akugwira, mankhwala opha tizilombo alowa. Mankhwala amenewa ayenera kulowa mkati mwa mphindi 60 mpeni usanakhudze khungu, osati opaleshoni itatha.

Ine ndinali pa sinki. Wotchi ndi mphete zinali m'thumba, chipewa ndi masiki ndinali nditavala kale, chifukwa mukasamba simukhudzanso nkhope. Kusamba kwa ku fiyeta kumatenga mphindi zitatu mpaka zisanu: kuchotsa litsiro m'zikhadabo, chala chilichonse mbali zonse, zikhato, kenako mikono mpaka kupitirira chigongono. Manja amakhala m'mwamba nthawi yonse kuti madzi atsikire ku chigongono, asabwerere ku zala. Potsuka dzanja lamanzere chala changa chinagunda mpopi. Palibe anaona. Ndinaima kamphindi, mayi akubuula m'chipinda chinacho, kenako ndinayambiranso pachiyambi. Tizilombo ta pa mpopi sitifunsa ngati pali amene waona.

Gawuni mumainyamula mkati mwake, n'kulowetsa mikono koma zala osazitulutsa, magolovesi n'kuwavala manja adakali m'kati mwa mikono ya gawuniyo. Mukavala, mbali yoyera ndi kutsogolo kokha, kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno, ndi mikono mpaka chigongono. Kumsana, m'khwapa ndi kunsi kwa tebulo n'kwakuda ngakhale kuoneke koyera. Manja satsika, ndiponso simuwapinda m'khwapa ngati mmene timachitira kukazizira.

Asisita asanatsegule paketi ya zipangizo anandionetsa tepi yake. Mizere yake inali itada, kusonyeza kuti yadutsa mu autoclave, mphika uja wophika zitsulo ndi nthunzi yotentha madigiri 121 kapena 134. Anagwiranso nsalu yakunja kuona ngati ndi youma. Paketi yonyowa kapena yong'ambika sitigwiritsa ntchito, ngakhale tepi itada bwanji.

Apa ndi pamene pagona ntchito yathu. Tinawerenga. Scrub nurse ndi runner amawerenga limodzi, mokweza mawu, onse awiri akuona chinthu chimene chikuwerengedwacho. Nsalu zazikulu zopukutira magazi m'mimba zimabwera zisanuzisanu. Simungokhulupirira kuti mtolo uli ndi zisanu, mumamasula n'kupatula imodziimodzi, chifukwa ziwiri zimamatirana, ndipo mtolo wina umabwera ndi zinayi kapena zisanu ndi imodzi. Tinatsegula mitolo iwiri, nsalu 10. Singano zinayi, mpeni umodzi, kenako zitsulo zonse: ma artery forceps otsinira mitsempha ya magazi, ma Green-Armytage ogwirira m'mphepete mwa chiberekero, masizasi, Doyen retractor yokankhira chikhodzodzo. Asisita analemba zonse pa bolodi ndi zilembo zazikulu. Chilichonse chowonjezera mkati mwa opaleshoni chimawerengedwanso chimodzimodzi n'kulembedwa nthawi yomweyo.

Jakisoni wa pamsana atalowa, anamugoneka mayi chagada koma tebulo analipendeketsa pang'ono kumanzere, kuti chiberekero chisatsamire mtsempha waukulu wobweza magazi ku mtima. Posakhalitsa anati, "Ndikumva mseru." Wogonetsa sanadikire, anayeza BP n'kupeza yatsika, anathamangitsa dilipi ndi kubaya mankhwala oikweza. Mseru pambuyo pa jakisoni wa pamsana nthawi zambiri ndi BP imene ikugwa. Asisita anali kumutu kwake, akumugwira paphewa: "Mayi, tili nanu pompano. Mumva kukoka ndi kukankha, koma kupweteka ayi. Mukamva kupweteka munene."

Tinapaka iodine pamimba kuyambira pamene pati padulidwe kupita kunja, osabwereranso pakati ndi thonje lomwelo. Tinafunda nsalu. Kenako time out, kuima kuja khungu lisanadulidwe: aliyense anatchula dzina lake ndi ntchito yake, ngakhale tinkadziwana tonse, adokotala anatchula dzina la wodwala ndi opaleshoni yake, nati akuopa kutaya magazi chifukwa matenda atenga nthawi. Poyamba ndinkaona ngati kutchula maina n'kutaya nthawi. Usiku umenewo ndinamvetsa. Munthu amene wayankhulapo kamodzi m'chipinda savutika kuyankhulanso kachiwiri.

Mpeni ndinaupereka m'kambale, osati dzanja ndi dzanja. Khungu, mafuta, kansalu kolimba kophimba minofu, minofuyo n'kuikankhira uku ndi uku, kenako kansalu kopyapyala ka m'mimba. Scrub nurse wabwino sayang'ana nkhope ya dokotala, amayang'ana m'balamo, kuti chitsulo chotsatira chikhale m'dzanja lake chisanapemphedwe. Ine ndinkachedwa pang'ono, ndipo chitsulo chimodzi ndinachipereka chozondoka. Adokotala anangochitembenuza osanena kanthu. Atadula chiberekero kunatuluka madzi obiriwira, mwana anali atachita chimbudzi m'mimba. Mutu unali utatsika kwambiri, anavutika nawo. Mwana anatuluka ali lobodo, osalira. Tinamanga mchombo mwachangu n'kudula, azamba anamulandira m'nsalu n'kuthamangira naye pa kabedi kotenthetsera. M'chipinda monse munali zii, kupatula kulira kwa oximeter ndi kaphokoso ka chikwama chopumitsira mwana. Wogonetsa anabaya oxytocin, mankhwala olimbitsa chiberekero, nsengwa inatuluka, ndipo magazi anali ambiri. Ndinapempha mtolo wachitatu, tinauwerenga, asisita analemba 15. Kenako kumbali kuja kunamveka kakulira kosasa. Mayi uja anafunsa, "Ndi wanga ameneyo?"

Kuwerenga kumabwerezedwa chiberekero chisanatsekedwe, mimba isanatsekedwe, ndiponso posoka khungu. Kuwerenga kwa pa chiberekero kunachitika magazi akuthamanga, ndipo ndivomere kuti tinakuchita mothamanga, maso athu ali m'bala. Titafika potseka mimba tinawerenga modekha. Pa tebulo langa zitatu, m'manja mwa adokotala imodzi, mu ndowa asisita anayala pansi 10. Zonse 14.

Tinabwereza. 14.

Adokotala anali atagwira kale singano yosokera kansalu kolimba kaja. Inali 3 koloko m'bandakucha, anali atachita maopaleshoni ena awiri usiku womwewo, ndipo ku wodi kunali mayi wina akudikira. Pakhosi panga panauma gwa. Ine ndani, wa miyezi itatu, kuimitsa munthu amene anayamba kung'amba ine ndili ku pulayimale? Koma akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo pano wofera kuunako sakanakhala ine. Nsalu yotsala m'mimba siyankhula tsiku lomwelo. Mayi amatuluka bwinobwino, amapita kwawo ku Chulu kapena ku Santhe, kenako pakatha masabata thupi limayamba kutentha, mimba kutupa, mafinya kutuluka, matumbo kutsekeka. Ena amayamba apita kwa asing'anga, ndipo akamafika ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100, amakhala atatheratu.

"Adokotala, pepani, imani kaye. Nsalu imodzi sikuoneka."

Mawu anga ananjenjemera. Anandiyang'ana pamwamba pa masiki, kenako anaika singano m'kambale. "Chabwino anesi, tiifune." Iwo analowetsa dzanja m'mimba, kumbali zonse ziwiri ndi kuseri kwa chiberekero. Ine ndinayang'ana pansi pa zitsulo, m'mapindo a nsalu zofunda, m'mbale ya nsengwa. Asisita anagwada ndi tochi pansi pa tebulo, anayang'ana kunsi kwa mabutsi athu, anakhuthula ndowa ya zinyalala. Ichi n'chifukwa chake chinyalala kapena nsalu iliyonse situluka m'chipinda opaleshoni isanathe. Nsalu zimenezi zili ndi kaulusi kabuluu koonekera pa X-ray, koma usiku ngati umenewo kujambula kukanatanthauza kudzutsa munthu kunyumba ndi kudikira wodwala ali chitsegukire.

Asisita anaimirira mwadzidzidzi n'kupita pa kabedi ka mwana. Anafunyulula nsalu imene azamba anamulandirira. Inali momwemo, itamatira kumsana kwa mwana. Adokotala anali atamupukuta nayo kumaso potuluka, ndipo inapita naye limodzi m'chipwirikiti chija. Anaikweza m'mwamba kuti tonse tiione, tinawerenganso kuyambira pa 1 mpaka 15, ndipo ndinanena mokweza kuti zonse zakwana. Kuchokera usiku umenewo, mwana akamachoka pa tebulo langa maso anga amatsatira zimene wapita nazo, ndipo kuwerenga kwa pa chiberekero sindikuthamangitsanso, magazi achuluke bwanji.

Anasoka khungu, tinawerenga komaliza, tinamata bala. Ntchito ya namwino sithera pamenepo. Ndinasisita pamimba kuona ngati chiberekero chalimba ngati mpira, ndinayang'ana kumusi ngati magazi akutuluka mopitirira, tinayerekeza magazi amene atayika n'kulemba. Pa sign out, kuima komaliza wodwala asanatuluke, asisita anatchula opaleshoni imene yachitika, kuti kuwerenga kwakwana, ndi zoti a ku wodi aziyang'anira: BP, kugunda kwa mtima, chiberekero ndi magazi mphindi 15 zilizonse poyambirira, paipi ya mkodzo ikhale masiku angapo chifukwa chikhodzodzo chinapanikizika, mwana ayamwe msanga. Singano ndi mpeni ndinaziponya ndekha m'bokosi lake ndisanapereke zitsulo kokatsuka, kuti wotsuka asadzibaye.

Pamene tinkakankha machira kupita ku wodi, mvula inali itakata ndipo kunja kunayamba kuyera. Agogo aja anali chikhalire pa benchi, atafunda chitenje kumutu, mikanda ija ili m'manja. Ndinawauza kuti ndi mwana wamkazi ndipo onse awiri ali bwino. Anaomba m'manja katatu mwakachetechete, kenako anandifunsa ngati angam'phikire phala. Ndinati adikire kaye, anesi a pa wodi awauza nthawi yake. Asisita anandikodola kuchokera pakhomo la fiyeta: mayi wachiwiri uja anali atafika kale, ndipo ndinabwerera ku sinki.