Kuthowa chotupa chochokera m'thanki ya nsomba

Ndimaweta mbuna, nsomba zakwathu za m'nyanja ya Malawi, m'thanki yagalasi kuno ku Leeds, ku England. Tsiku lina ndikutsuka thankiyo mwala unandikala pachala, kabala kake kosaoneka n'komwe. Patatha milungu itatu panatuluka kachotupa kofiira, kolimba, kenako tina tiwiri tinandandalika kukwera kudzanja ngati mikanda. Mankhwala oyamba amene ndinalandira sanaphule kanthu.

Zinayamba kuyenda dokotala wa khungu atandifunsa ngati ndimagwira madzi a nsomba. Anadula kanyama pang'ono n'kutumiza kulabu, atalemba kuti akameretse kachilomboko pa madigiri 30. Apa ndiye pagona nkhani. Kachilomboka, Mycobacterium marinum, ndi kachibale ka kachilombo ka TB, koma kamakonda malo ozizirirako. Pa madigiri 37, kutentha kwa m'kati mwa thupi, kamavutika kuswana, n'chifukwa chake kamakhazikika pakhungu la zala ndi manja. Zotsatira ndinazidikira milungu ingapo.

Anandilembera mapiritsi a clarithromycin ndi ethambutol, atandiyeza kaye maso chifukwa ethambutol amatha kuwononga maso. Kenako anawonjezera kuthowa, n'kundiuza mosapsatira kuti kutenthako n'kongothandizira, mapiritsi osadumphitsa.

Kuthowa kwake si kuja ankatithowa agogo ndi kansalu konyika m'madzi otentha. Kutentha kumafunika kukhale cha pa madigiri 40, kosapitirira, komanso kukhalitse pamalopo. Ndinagula kapadi kotenthetsa ka magetsi ndi thermometer. Madzulo aliwonse ndikaweruka kuntchito ndinkakulunga dzanja ndi nsalu yopyapyala, padi pamwamba, thermometer pakati pa nsalu ndi khungu, n'kukhala ola lathunthu. Usiku wina tulo tinandiba padi ili padzanja, ndipo ndinadzuka patatuluka thuza. Kuyambira pamenepo ndinkatchera alamu pafoni, n'kumathowa nditakhala pampando, osati pabedi. Chonde, amene khungu lawo silimva bwino kutentha, monga ena odwala shuga, asayambe izi dokotala asanavomereze.

Mwezi woyamba panalibe kusintha kulikonse, moti ndinatsala pang'ono kutaya mtima. Mwezi wachiwiri timikanda tija tinayamba kuphwa, kuyambira kakumtunda. Zitapola ndinapitirizabe mapiritsi milungu ina 6 monga anandiuzira.

Nsomba ziwiri zimene zinali zowonda, za zilonda m'mbali, ndinazichotsa. Masiku ano thankiyo ndimatsuka nditavala magolovesi ofika m'zigongono.