Wolipira ndi kholo, koma wolowa m'kalasi ndi mwana

Bizinesi yathu ndi yaing'ono: timaphunzitsa Chingerezi pa intaneti tili ku Lilongwe, ndipo ophunzira athu ndi achinyamata a ku Spain a zaka 13 mpaka 17. Chinatikopa poyamba ndi nthawi. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, wotchi ya ku Madrid imafanana ndendende ndi yathu, ndipo miyezi inayo amatsalira ndi ola limodzi lokha. Anawa amaweruka masana n'kudya nkhomaliro mochedwa, choncho makalasi timayamba cha m'ma 5 koloko madzulo. Zida zake n'zochepa: kompyuta, mahedifoni okhala ndi maikolofoni, batire ya sola kuti magetsi akathima kalasi isaime, ndi malayini awiri a intaneti a makampani osiyana.

Koma pamene pagona bizinesiyi ndi pa mtima wa mwana. Kholo limabwera likudziwa kale chimene likufuna: satifiketi ya mayeso a Chingerezi a Cambridge, makamaka B2 First for Schools, imene mwana amayenera kupeza mapointi 160 kuti akhoze, kapena kukonzekera PAU, mayeso olowera ku yunivesite amene amalembedwa mu Juni. Mu 1972, Robert Gardner ndi Wallace Lambert a ku Canada anasiyanitsa munthu wophunzira chiyankhulo kuti apeze phindu, monga ntchito kapena pepala, ndi wophunzira chifukwa akufuna kucheza ndi eni chiyankhulocho. Makolo ambiri ali mbali yoyambayo. Mwana wa zaka 14 sangakhale pampando mphindi 50 chifukwa cha ntchito imene adzaipeze ali ndi ndevu.

Chimene chimatseka ana amenewa pakamwa si ulesi ayi, ndi manyazi, amene iwo amati vergüenza. Chingerezi anayamba ali ku pulayimale, malamulo a galamala amawaloweza bwino, koma ukangomufunsa funso amayang'ana pansi n'kuyankha mawu amodzi. Amaopa kusekedwa akalakwitsa, komanso amaopa kusekedwa akatchula bwino kwambiri, poti anzake amati akudzionetsera. Mwana akayamba kuzimitsa kamera milungu iwiri yotsatizana, timadziwa kuti tatsala pang'ono kumutaya.

N'chifukwa chake gulu lililonse timaika ana 4 basi, kawiri pa mlungu. Akapitirira apo, wamanyazi amabisala kumbuyo kwa anzake. Akakhala yekha ndi mphunzitsi, kalasi imasanduka ngati kufunsidwa mlandu. Ana a kalasi imodzi kusukulu kwawo sitiwaika pamodzi, chifukwa zimene wina walakwitsa madzulo zimakafika pabwalo la sukulu mawa lake. Tsiku loyamba sitipereka mayeso. Timafunsa mwana aliyense kumene amakumana ndi Chingerezi popanda womukakamiza: masewera a pa intaneti, YouTube, nyimbo, mpira wa Premier League. Nkhani za mwezi woyamba timazitenga pamenepo. Funsoli n'lofunika kwambiri chifukwa ku Spain mafilimu ambiri akunja amawaika mawu a Chisipanishi, ndiye khutu la mwana silinazolowere Chingerezi ngati la mnzake wa ku Portugal, kumene amangolemba mawu m'munsi mwa kanema.

Mphindi 10 zoyambirira ana amalankhula popanda kuwadula mawu. Mphunzitsi amalemba zolakwika zitatu zokha, n'kuzionetsa kumapeto osatchula dzina la mwini. Ukakonza chilichonse nthawi yomweyo, mwana amasiya kuganizira zimene akunena n'kuyamba kudikira mkwapulo.

Zolakwikazo n'zodziwikiratu, ndipo ife olankhula Chichewa timazimvetsa msanga. Chisipanishi chili ndi mavawelo asanu ngati athu omwewa, a, e, i, o, u, choncho "ship" ndi "sheep" zimamveka chimodzimodzi. Mwana akati "I have 15 years" akutsatira "tengo 15 años", ndendende mmene ife timanenera kuti "ndili ndi zaka 15". Mawu oyamba ndi s yotsatana ndi konsonanti amawatsogozera e, "school" n'kukhala "eschool". Zilembo b ndi v kwa iwo ndi liwu limodzi. Palinso mawu onyenga, ofanana ndi a Chingerezi koma a tanthauzo lina: "embarazada" si "embarrassed", wochita manyazi, koma woyembekezera, ndipo "actualmente" si "actually" koma ndi kunena kuti masiku ano. Timawauza poyera kuti nafenso tinalimbana ndi r ndi l, ndipo mwana akamva kuti mphunzitsi wake Chingerezi anachita kuphunzira, mapewa amatsika.

Pamene timasiyana maganizo ndi makolo ndi pa mapepala a mayeso akale. Ambiri amafuna tiyambe nawo mu Seputembala momwemo, chaka cha sukulu chikangoyamba. Ife timakana mwaulemu mpaka patatsala miyezi itatu kuti mwana alembe, chifukwa mwana wopatsidwa mapepala chaka chonse amatopa asanafike pakati. Kuti kholo lione kumene ndalama zake zikupita, timapempha chilolezo chojambula mawu a mwana akulankhula kwa mphindi imodzi mlungu woyamba, n'kujambulanso patapita miyezi itatu pa mutu womwewo. Zonse ziwiri timayamba tamvetsera naye mwanayo, kenako n'kutumiza kwa makolo. Ana ambiri aka kamakhala koyamba kudzimva okha kuti asintha.

Wofuna kuyamba ntchitoyi adziwe kuti Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi ya njala. Sukulu za ku Spain zimatseka kumapeto kwa Juni, mabanja amapita kutchuthi, ndipo ndalama zimaphwa. Timapatula kangachepe mwezi uliwonse kuyambira Okutobala, ndipo mu Meyi timafunsa ana eni ake, tisanalembere makolo, ngati akufuna tiwasungire malo a Seputembala.