Mpeni wosakira usagone m'chimake cha chikopa

Mipeni yambiri ya alenje imawonongekera m'kabati, osati kutchire. Munthu akamaliza kusenda nyama amangoupukuta pa udzu, n'kuubwezera m'chimake, basi waiwala. Pakapita miyezi iwiri akausolola umapezeka uli mawangamawanga a dzimbiri, kamkuwa ka pafupi ndi chigumbu katabiriwira. Chikopa chimamwa chinyontho n'kuchisunga, ndipo mankhwala ena ofufutira zikopa amadya chitsulo. Magazi nawo ali ndi mchere. Chimake ndi chonyamuliramo basi.

Dziwani kaye chitsulo cha mpeni wanu. Cha mtundu wotchedwa 1095 chili ndi kaboni wochuluka, pafupifupi 0.95 peresenti, chimanoleka mosavuta koma chimachita dzimbiri ngakhale usiku umodzi wokha chikasiyidwa chonyowa. Zitsulo za stainless (dzinalo likutanthauza zosachita dzimbiri), monga 440C, zimasakanizidwa ndi chitsulo china chotchedwa chromium choposa 10.5 peresenti, n'chifukwa chake zimapirira, koma musanamizidwe ndi dzinalo, nazonso zimachita dzimbiri. Chitsulo cha kaboni chikayamba kuderako motuwa, chisiyeni, mtunduwo umachiteteza. Mdani ndi dzimbiri lofiira lija.

Mukangofika kunyumba tsukani mpeni ndi madzi ofunda ndi sopo, osauviika, chifukwa chigumbu cha mtengo chimafufuma n'kung'aluka chikauma. Tsukani bwino pamene chitsulo chakumana ndi chigumbu, mpomwe magazi amabisala. Pukutani uume gwa, kenako pakani madontho awiri kapena atatu a mineral oil, mafuta oyera opanda fungo osachokera ku zomera, ndi kansalu. Mafuta ophikira ayi, amanata n'kuyamba kununkha. Mpeniwo ukulungeni m'kansalu kouma, muusunge pamalo otsekedwa ndi loko pomwe ana sangafike, chimake pambali pake. Timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a katundu watsopano, timathandiza kuyamwa chinyontho.

Pakunola m'pamene ambiri amalakwitsa. Makina onolera a magetsi amatenthetsa msonga ndi kukamwa kwa mpeni, ndipo chitsulo chikangosanduka chabuluu ndiye kuti chafewa, sichidzasunganso kuthwa pamalopo. Gwiritsani ntchito mwala. Wa nambala 400, wokhakhala, ndi wa mpeni wobunthiratu kapena wobenthuka, wa 1000, wosalalako, ndi wa masiku onse. Pendeketsani mpeni madigiri pafupifupi 20 mbali iliyonse. Ngati dzanja silinazolowere, detsani kukamwa kwake ndi inki yakuda, nolani kawiri, muyang'ane. Inki ikatsala kunsonga kwenikweni kwa kukamwako, mwaugoneka kwambiri, utukuleni pang'ono.

Musatembenuze msanga. Nolani mbali imodzi mpaka chala chikamve kachitsulo kopyapyala katapindikira mbali inayo, kuchokera kuchigumbu mpaka kumsonga. Khudzani mopingasa, osati motsatira kukamwa. Kachitsuloko kakapanda kuoneka, mbali ziwirizo sizinakumane, ndipo mpeni ukhala wowala koma wosadula. Mukatembenuza n'kumaliza mbali yachiwiri, kachotseni pokoka mpeni chambuyo pa lamba wa chikopa, kakhumi mbali iliyonse, mopanda kukanikiza. Yesani pa pepala: likang'ambika m'malo modulika, pamenepo mpomwe pakufunikabe mwala.