Ng'ona si youma mtima

Pamene munthu wapha mnzake mwadala, atakonzekera, opanda mkwiyo kapena chisoni, Azungu amati ndi cold-blooded, kutanthauza kuti wamagazi ozizira. Mawu omwewo amatchulanso nawo ng'ona, njoka, abuluzi ndi achule. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti nyamazi zilibe chifundo.

Magazi awo sakhala ozizira nthawi zonse ayi. Nkhani ndi yakuti thupi lawo silipanga kutentha kokwanira palokha, ndiye zimadalira dzuwa. N'chifukwa chake m'mawa wa mu June buluzi amangoti phee pamwala, osatha kuthamanga mpaka atawothera. Mukapita ku Liwonde, m'mbali mwa Shire, mudzaona ng'ona zitagona pamchenga kukamwa kuli yasaa. Sikuti zikudikira munthu, zikutulutsa kutentha kukachuluka.

Ndiye taonani ng'ona yaikazi. Imakwirira mazira mumchenga n'kumalondera pafupi miyezi pafupifupi 3, kudya kwake kochepa. Tiana tikayamba kulira m'mazira, imafukula, n'kutinyamula m'kamwa momwe muja muli mano oopsa, kupita nato kumadzi osativulaza. Kutentha kwa mchengawo ndi kumenenso kumachititsa kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi. Nsato nayo imazinga mazira ake, imakawothera dzuwa n'kubwerera kudzawafunditsa.

Inde, ng'ona imagwira anthu, ndipo abale athu a ku Nsanje ndi Chikwawa alira maliro ambiri. Pamtsinje tisamale ndithu. Koma wopha mnzake chifukwa cha ndalama kapena munda timutchule ndi mawu athu omuyenera: wankhanza, wouma mtima, chigawenga.