Sipika inandigulitsa pamaso pa abwana

Popeza nkhaniyi yafika kale ku Mayfair ndi ku Rosettenville, madera a muno mu Johannesburg, itaphuka nthambi, mpaka ena akunena kuti ndinakomoka ndipo anachita kundithira madzi, ndi bwino muimve kwa mwiniwake. Sindinakomoke ayi. Ndinangokhala pa belo la mabulangete kwa kanthawi chifukwa miyendo inakana kundinyamula.

Amene munafikapo pa sitolo yathu ku Fordsburg mukudziwa mmene timagwirira ntchito. Makasitomala athu ambiri ndi amayi a geni ochokera ku Lilongwe, ku Harare ndi ku Lusaka, amene amatumiza maoda pa WhatsApp basi isanawoloke n'komwe pa Beitbridge. Uthenga umafika pa foni yanga nthawi yomweyo, kenako ine ndimaukopera m'buku la malisiti la mapepala atatu, loyera, lachikasu ndi lapinki, ndikukanikiza cholembera ndi mphamvu zonse kuti kaboni afike pansi. Pepala lachikasu limapita pa fakisi kukadziwitsa anzathu osunga katundu ku Crown Mines, ngati akuba sanadule waya wa Telkom usiku umenewo. Akadula, pepalalo limakwera takisi pamodzi ndi mnyamata. Pakhoma pali kakhadi kowerengera VAT kamene abwana anakakonza ndi cholembera mu 2018, msonkhowo utakwera kuchoka pa 14 kufika pa 15 peresenti, ndipo kumeneko ndiko kusintha komaliza kumene sitoloyi inavomera. Mayi wogulitsa mandasi pakhomo pathu ali ndi kamakina ka Yoco kolipirira pa khadi, koma ife ayi.

Ndikatchula kompyuta, abwana ankandikumbutsa za 2023 pamene Eskom inkatikhazika mumdima maola ambiri pa tsiku, kenako n'kusisita buku lawo lalikulu ngati mbuzi imene akana kugulitsa, akunena m'Chingerezi kuti bukulo silinapemphepo magetsi kwa munthu. Zonse ankatiuza m'Chingerezi, ndipo mfundo imeneyi muisunge.

Mwayi unapezeka belo lina litasowa m'buku koma likupezeka pashelefu. Abwana anandipatsa mphindi zochepa Lachisanu m'mawa, tisanatseke masana kuti anthu apite ku mzikiti, kuti ndionetse nzeru zangazo. Ndinabwera ndi laputopu yanga yogula kwa munthu, katundu yense nditamulemba mu Excel, ndi foni yowerenga timizere ta mitengo pa mabulangete. Kuti kulira kwa foniyo kumveke kwa aliyense, ndinailumikiza pa Bluetooth ku sipika yaikulu ya pakhomo imene timaitanira makasitomala. Munthu aliyense wokonda ntchito yake akanachita chimodzimodzi.

Bulangete loyamba linalira kuti pii, nambala n'kutsika yokha pa laputopu. Abwana anavula magalasi. Lachiwiri linaliranso, iwo n'kusendera pafupi, ndipo ine mumtima ndinayamba kale kusankha mpando umene ndidzakhalire muofesi. Pamenepo m'pamene uthenga wa WhatsApp unatulukira pamwamba pa foni, ndipo chala changa, chimene chinali chitanyowa ndi thukuta, m'malo mouchotsa chinautsegula n'kuterereka kachiwiri.

Poyamba panalira tambala. Tambala wa kwathu ku Machinga analira m'sitolo ya ku Johannesburg ndi mphamvu ya sipika imene imamveka mpaka ku Oriental Plaza. Kenako anamveka mayi a kunyumba, mawu awo ali phee, osathamanga: "Bambo, mwadzuka bwanji uko? Kuno tonse tili bwino, koma feteleza wakwera. Kodi Agogo a Fakisi aja akupatsani malipiro? Paja munanena kuti ngakhale Livingstone atauka lero n'kulowa m'sitolo yanuyo, sangaonemo chachilendo, angoyamba ntchito."

Mudzafunsa chifukwa chimene sindinaimitsire. Foni inali itagwera pakati pa mabelo awiri, ndipo amene amadziwa WhatsApp akudziwa kuti mauthenga a mawu akatsatizana, woyamba ukatha wachiwiri umangoyamba wokha osapempha chilolezo. Wachiwiriwo unali wa mwana wanga wamwamuna, amene anafuna kundionetsa kuti waphunzira kulira kwa fakisi monga ndinkawaseketsera pa Khirisimasi. Mwanayo ali ndi luso, ndisaname. Anayamba ndi kaphokoso koyimba nambala, n'kubwera pa tiiii wautali, kenako krrrr wa pakhosi, n'kupumira, n'kubwerezanso, uku azilongo ake akuseka chapatali. Anafika mpaka pamene pepala limakodwa, ndipo anatsanzira mawu a abwana akuimenya fakisi pambali. Nthawi yonseyi ine ndinali nditalowetsa mkono m'mabelo mpaka paphewa, tsaya lili pa bulangete, maso anga ndi a abwana ataphana. Fakisi yeniyeni, imene inali chete kuyambira Lolemba, inasankha nthawi yomweyo kuti ilire, ndipo kwa kamphindi awiriwo anayankhizana.

Chimene chinandilimbitsa mtima n'chakuti zonsezi zinali m'Chichewa. Anzanga a ku Malawi anali akuyang'ana kudenga, masaya atatupa, ndipo ine ndinayamba kukonza bodza lakuti ndi uthenga wa maliro.

Abwana anavalanso magalasi, natsokomola pang'ono, n'kufunsa m'Chichewa chosalala kuposa changa: "Achimwene, feteleza wafika pa zingati tsopano thumba limodzi?"

Anatiuza modekha kuti anabadwira ku Limbe, kumene bambo awo anali ndi sitolo ya nsalu, ndipo anakula akudya chimanga chootcha cha pamsika. Apa m'pamene masaya otupa aja anaphwa. Aliyense anayamba kuwerenga mumtima zimene wakhala akuyankhula pafupi ndi kauntala kwa zaka zonsezi, ndipo ankolo amene anayamba ntchito pano ine ndisanabwere, amene maina awo opatsa abwana sindingawalembe, anangotenga tsache n'kupita kukasesa panja pamene panali posesa kale. Choncho amene mukundiseka dziwani kuti ine ndinangogwidwa poyera, koma mlanduwu ndi wa sitolo yonse, ndipo dzina la Agogo a Fakisi sindinaliyambitse ndine.

Za kompyuta, abwana anati ndi yabwino ndithu. Analamula kuti madzulo alionse ndizisindikiza zimene zili mu Excel, ndizitumize pa fakisi ku Crown Mines, kenako ndizikopere m'buku lalikulu kuti zisasowe magetsi akazima. Tsopano ntchito imodzi ndikuigwira katatu pa malipiro omwe aja. Anandipatsanso uthenga woti ndikauze mayi a kunyumba kuti Agogo akupereka moni, ndiponso kuti mwanayo akulakwitsa pothera, chifukwa fakisi yawo imalira kawiri isanameze pepala.