NULL imodzi inandibisira mayina onse

Lachitatu madzulo ndinatsegula psql, pulogalamu yofunsira mafunso ku database ya PostgreSQL, kuti nditulutse mayina a mamembala omwe sanalipirebe. Ndinkayesa ndi ntchito ya mphindi zisanu basi. Ndinalemba chonchi:

`SELECT dzina FROM mamembala WHERE id NOT IN (SELECT membala_id FROM malipiro);`

Yankho linabwera lakuti 0 rows. Mutu unaima, chifukwa ndinkadziwa bwino anthu atatu omwe sanaponyepo kalikonse chaka chino.

Poyamba ndinaganiza kuti mwina ndalowa mu database yoyeserera, koma `\conninfo`, yomwe imakuuza database imene walowamo, inasonyeza kuti ndili pamalo oyenera. Ndinafufuza mmodzi mwa atatuwo ndi id yake: mu mamembala alimo, mu malipiro mulibe. Nanga bwanji sakutuluka?

Ndinatulutsa tebulo lonse la malipiro n'kumatsika nalo mzere ndi mzere. Chapakati ndinaona mzere umodzi wokhala ndi tsiku ndi ndalama, koma pa membala_id pali mbee, popanda kanthu. Ndinatsala pang'ono kuudumpha. Chinandiimitsa n'chakuti column imeneyo ndi ya manambala, ndiye singasunge mawu opanda zilembo. Mpata umenewo unali NULL. PostgreSQL inkadziwa, koma psql ukapanda kuiuza imaonetsa NULL ngati malo opanda kanthu, ndipo ine khalidwe limeneli sindilikonda ngakhale pang'ono. Nditalemba `\pset null 'PALIBE'` n'kubwereza, mzere uja unaonekera poyera.

Apa m'pamene pagona nkhani. Ku SQL, chinenero cholembera mafunso amenewa, NULL si ziro, tanthauzo lake ndi "sizikudziwika". Ukafunsa ngati 7 mulibe pakati pa 3, 5 ndi NULL, database imayankha mafunso atatu. Kodi 7 ndi wosiyana ndi 3? Inde. Ndi 5? Inde. Nanga ndi nambala yosadziwikayo? Singanene, poti mwina nambalayo ndi 7 yemweyo. Yankho lonse limakhala losadziwika, pomwe WHERE, gawo la funso losefa mizere, imalola mizere yokhayo yomwe yankho lake ndi inde weniweni. Membala aliyense wosalipira ankagwera m'mbuna imeneyi, ndipo panalibe uthenga uliwonse wochenjeza. Chimene chimandiopsa n'chimenecho: ndikanapanda kuwadziwa atatu aja, ndikanapereka lipoti loti onse analipira.

Ndinalembanso ndi NOT EXISTS, yomwe NULL yotere siisokoneza:

`SELECT dzina FROM mamembala m WHERE NOT EXISTS (SELECT 1 FROM malipiro p WHERE p.membala_id = m.id);`

Atatu aja anatuluka, pamodzi ndi ena omwe sindinkawadziwa.

Lamulo la `\pset null` lija ndaliika mu fayilo ya `.psqlrc` kuti lizigwira ntchito nthawi zonse ndikatsegula psql. Mzere wopanda mwini uja sindinaufufute, chifukwa ndi ndalama zomwe munthu wina analipiradi. Mawa ndifufuza m'malisiti kuti ndipeze mwini wake, kenako ndiike NOT NULL, lamulo lokana NULL, pa membala_id.